Magalasi akuda a galimoto: zimene lamulo limayeza ndi zimene kalata ya dokotala ingathe

Wapolisi akaimitsa galimoto chifukwa cha tinti, mkangano wake umafanana kulikonse, kaya ndi ku Johannesburg, ku Birmingham kapena ku New York. Dalaivala amati, "Koma bwana, ine ndikuona bwinobwino m'katimu." Wapolisi amati iye sakuona ngakhale nkhope ya amene akulankhula naye. Onse awiri akhoza kukhala kuti akunena zoona, pakuti munthu amene ali mumdima amaona bwino kunja kowala, pomwe amene waima powala saona za mumdima. N'chifukwa chake maiko ambiri anasiya kudalira maso a munthu ndipo anaika nambala m'lamulo. Nambalayo imanena kuchuluka kwa kuwala kumene kukudutsa pa galasi. Galasi likakhala la 70 peresenti, ndiye kuti pa kuwala konse kumene kwaligunda, magawo 70 mwa 100 akulowa m'galimoto. Nambala ikamatsika, galasi likuderaderabe. La 5 peresenti ndi lija lakuda bii limene mumaliona pa magalimoto a anthu ofuna kuti asadziwike.

Chimene chimapusitsa anthu ambiri ndi chakuti lamulo silifunsa nambala yolembedwa pa katoni ya pepala la tinti. Limafunsa za galasi ndi pepala zonse pamodzi. Galasi la galimoto silichoka kufakitale lili loyera mbee ngati madzi. Limakhala kale ndi kamtundu kobiriwira pang'ono, ndipo nthawi zambiri limalowetsa kuwala kwa pakati pa 70 ndi 85 peresenti. Mukamata pepala la 35 peresenti pa galasi la 80 peresenti, nambala ziwirizo zimachulukitsana, ndipo chotsatira chake ndi 28 peresenti. Munthu amachoka kwa womata tinti ali ndi risiti yolembedwa 35, n'kumakhulupirira kuti ali bwino ndi lamulo, kenako n'kukadabwa makina a wapolisi atalemba 28. Womatayo sananame. Anangosiya kumuuza masamu ake.

Ku Britain masamu amenewa ndi owawa kwambiri. Galimoto imene inayamba kuyenda pamsewu pa 1 April 1985 kapena pambuyo pake iyenera kulowetsa kuwala kosachepera 75 peresenti pa galasi lakutsogolo, ndi 70 peresenti pa mazenera awiri a m'mbali mwa dalaivala. Zakale kuposa apo zimafunika 70 peresenti pa magalasi onse atatuwo. Tsono ngati zenera lanu linabwera kale lili la 75 peresenti, ngakhale mutamata pepala loyera kwambiri la 90 peresenti, mutsikira pa 67 ndi theka, ndipo mwalakwira lamulo. Kunena mosabisa, ku Britain pafupifupi tinti iliyonse yooneka ndi maso pa mazenera akutsogolo ndi yoletsedwa. Koma kumbuyo kulibe malire: mazenera a anthu okhala kumbuyo ndi galasi lakumbuyo mukhoza kuwadetsa mmene mungafunire. Lamulo lakumeneko limagwiranso wogulitsa, pakuti kumata kapena kugulitsa magalasi osemphana ndi malirewa ndi mlandu.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amayendetsa magalimoto onyamula anthu ndi katundu, malamulo a pansi pa National Road Traffic Act ya 1996 amati galasi lakutsogolo lilowetse kuwala kosachepera 70 peresenti, ndipo mazenera ena onse 35 peresenti. Kumeneko tinti ili ndi chifukwa china chachikulu, chomwe ndi mbava zoswa zenera pa maloboti n'kutsomphola chikwama kapena foni. Pepala lokhuthala limene amamata limagwira zidutswa za galasi kuti lisagwe nthawi imodzi, ndipo wakubayo amachedwa. Koma chimene chimagwira galasilo ndi kukhuthala kwa pepala ndi guluu wake, osati kuda kwake. Pepala loyera lokhuthala mofanana limagwira ntchito yomweyo.

Ku America ndiye kuli chisokonezo, chifukwa chigawo chilichonse chili ndi lamulo lakelake. Pa mazenera a m'mbali mwa dalaivala, New York ndi California amafuna 70 peresenti, Florida amalola mpaka 28, Texas mpaka 25. Pa galasi lakutsogolo zigawo zambiri zimangolola kamzere ka pamwamba, kolekezera pa kachizindikiro kolembedwa AS-1 kamene fakitale imaika m'mphepete mwa galasi. Munthu akhoza kunyamuka ku Miami, m'chigawo cha Florida, galimoto yake ili yovomerezeka, n'kukafika ku New York ikuoneka ngati yophwanya lamulo. India anasankha njira yachidule. Mu April 2012 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, pa mlandu wa Avishek Goenka, linaletsa kumata pepala lamtundu uliwonse pa magalasi, ponena kuti magalimoto akuda ankathandiza anthu oba anzawo ndi ochitira amayi nkhanza. Chololedwa pa chigamulocho chinali galasi lochokera kufakitale lokha, la 70 peresenti kutsogolo ndi kumbuyo ndi 50 peresenti m'mbali.

Mwina mwaona kuti magalimoto ambiri ochokera ku Japan, amene amadzaza misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka, amabwera ali ndi magalasi akumbuyo akuda pomwe akutsogolo ali oyera. Sikuti mwini wake woyamba ndalama zinamuthera pakati pa ntchito. Ku Japan nakonso lamulo limafuna 70 peresenti pa magalasi atatu akutsogolo, ndipo akumbuyowo amadetsedwa kufakitale, mtundu wake uli m'kati mwa galasi lenilenilo. Palibe pepala loti n'kumatula. Amene amafuna kuti galimoto "ifanane" pomata tinti kutsogolo ndiye amayamba kulowa m'mavuto.

Chifukwa chimene malamulo amaumirira kutsogolo ndi usiku. Masana dzuwa lili ndi kuwala kochuluka kwambiri moti ngakhale mutachotsako magawo atatu mwa anayi, diso limaonabe. Usiku palibe kuwala kotsala koti n'kutaya. Nyale za galimoto zimaunika kutsogolo, osati m'mbali, ndipo munthu wapansi kapena wapanjinga amene akutulukira pa mphambano amaoneka kudzera pa zenera la m'mbali, ndi kuwala kochepa kumene kulipo. Magalasi oonera kumbuyo a m'mbali nawonso mumawayang'ana kudzera pa zenera lomwelo. N'chifukwa chake mumaona madalaivala a magalimoto akuda akutsitsa zenera usiku pokhota kapena pobwerera m'mbuyo. Ukalamba umawonjezera vutoli, pakuti diso la munthu wa zaka 60 limalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kumene diso la mnyamata wa zaka 20 limalandira. Palinso chinthu chimene sichikambidwa kawirikawiri: woyenda pansi asanaoloke msewu amayang'ana nkhope ya dalaivala kuti adziwe ngati wamuona. Galasi lakuda limamulanda mwayi umenewo. Apolisi nawo ali ndi chifukwa chawo, makamaka ku America kumene mfuti zili paliponse: safuna kuyandikira galimoto osaona manja a amene ali m'katimo.

Makina oyezera ndi kachipangizo kokwana m'dzanja. Mbali imodzi imatulutsa kuwala, mbali inayo imawerenga kumene kwadutsa. Pali ena okhala ndi mpata umene amalowetsa m'mphepete mwa zenera lotsitsidwa pang'ono, ndipo ena ali ndi zidutswa ziwiri zogwirana ndi maginito, china kunja china m'kati, kuti athe kuyeza ngakhale galasi lakutsogolo. Makinawa amatha kuphonya ndi maperesenti awiri kapena atatu, ndipo fumbi kapena madzi pa galasi zimatsitsa nambala. Dalaivala wanzeru amapempha mwaulemu kuti galasi lipukutidwe asanayeze, komanso kuti aonetsedwe nambala imene yatuluka. Kumene apolisi alibe makina, zonse zimatsalira m'maso mwa wapolisi, ndipo apa m'pamene lamulo la tinti limasanduka msika. Ine ndimaona kuti lamulo lokhala ndi nambala koma lopanda choyezera limathandiza wofuna ziphuphu kuposa woyenda pansi.

Maiko amasiyananso pa nthawi imene amagwirira olakwa. New York, kuyambira pa 1 January 2017, anaika kuyeza tinti m'gulu la zinthu zoyang'ana pa kuyendera galimoto kwa chaka ndi chaka, moti galimoto yakuda mopitirira malire siipambana. Ku Britain mayeso a pachaka a MOT sayeza tinti, ndiye anthu ena amaganiza kuti galimoto ikapambana MOT magalasi ake ali bwino. Sizili choncho. Apolisi kapena oyendera magalimoto a bungwe la boma la DVSA akayeza pamsewu, akhoza kupereka chikalata choletsa galimotoyo kuyenda mpaka tinti itachotsedwa, kulipiritsa chindapusa, kapena kutengera dalaivala kukhoti. Tinti imawerengedwanso ngati kusintha galimoto, choncho a inshuwalansi amayenera kuuzidwa.

Ku America nkhaniyi ili ndi mbali ina yowawa. Mu 1996, pa mlandu wa Whren, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti wapolisi akhoza kuimitsa galimoto pa cholakwa chilichonse cha pamsewu, ngakhale cholinga chake chenicheni chili china. Tinti ndi cholakwa chosavuta kuchinena, chifukwa wapolisi amangofunika kukayikira kuti galasi ndi lakuda. Motero imakhala khomo lolowera pofuna kufunsa mafunso ena kapena kusecha galimoto, ndipo anthu akuda kumeneko akhala akudandaula kuti ndiwo amaimitsidwa kwambiri pa zifukwa zing'onozing'ono ngati zimenezi. Munthu amene wangofika kumeneko, mapepala ake akadali m'njira, ali ndi chifukwa chomveka chosiyira magalasi ake mmene anabwerera.

Tsono pali anthu amene dzuwa limawavulaza kwenikweni. Zigawo zambiri za ku America zimawapatsa chilolezo chapadera. New York ili ndi fomu yotchedwa MV-80W, imene dokotala amasayina, ndipo matenda otchulidwa m'menemo ndi monga khungu lachialubino, matenda ochititsa khungu kusapirira dzuwa a lupus, dermatomyositis, porphyria ndi xeroderma pigmentosum, kusagwirizana ndi dzuwa kobwera chifukwa cha mankhwala amene munthu adzamwe kwa nthawi yaitali, ndi maso osapirira kuwala chifukwa cha matenda a maso kapena a ubongo. Chilolezocho chimakhudzanso galimoto imene wodwalayo amakweramo kawirikawiri, ngakhale sayendetsa yekha. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa ambiri mwa odwalawa ndi ana, ndipo anthu ambiri achialubino maso awo saona patali mokwanira kuti apatsidwe laisensi. Ku Florida chikalata chake chimalembedwa pa galimoto imodzi ndipo chimatha mphamvu galimotoyo ikagulitsidwa. Ku Texas, kuyambira mu January 2019, boma linasiya kupereka ziphaso, ndipo dalaivala amangoyenda ndi kalata yosayinidwa ndi dokotala. Nigeria nayo, m'lamulo lake la 1991 loletsa magalasi akuda, inasiya mpata kwa amene ali ndi chifukwa cha umoyo kapena cha chitetezo, koma chilolezo chimachokera kupolisi.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo anthu ambiri, kuphatikizapo odwala eni ake, samaidziwa. Kuda kwa galasi ndi kuteteza khungu ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Dzuwa limatumiza mitundu itatu ya cheza imene ikutikhudza pano. Pali kuwala kumene maso amaona. Pali infrared, imene sitiiona koma imanyamula pafupifupi theka la mphamvu ya dzuwa yofika pansi ndipo timaimva ngati kutentha. Ndiye pali UV, yomwenso sitiiona, imene imawotcha khungu, kulikalambitsa ndi kuyambitsa khansa. Lamulo limayeza mtundu woyamba wokha. Khungu limavulala makamaka ndi wachitatu. UV nayo ili pawiri: UVB, imene galasi wamba limatchinga pafupifupi yonse, ndi UVA, imene imadutsa galasi wamba n'kulowa m'kati mwa khungu. Galasi lakutsogolo limapangidwa ndi magalasi awiri okhala ndi pulasitiki pakati, kuti lisamwazike pangozi, ndipo pulasitikiyo imagwira UVA yambiri. Mazenera a m'mbali pa magalimoto ambiri ndi galasi limodzi lolimbitsidwa ndi moto, lopanda pulasitiki. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 m'magazini ya madokotala a maso ya JAMA Ophthalmology anayeza magalimoto 29 ndipo anapeza kuti magalasi akutsogolo ankatchinga pafupifupi 96 peresenti ya UVA, pomwe mazenera a m'mbali ankatchinga pafupifupi 71 peresenti, ena mwa iwo osafika ndi theka lomwe. Mu 2012 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza chithunzi cha bambo wa zaka 69 amene anayendetsa lole kwa zaka 28. Mbali ya kumanzere ya nkhope yake, ya kuzenera, inali yamakwinya okhaokha, yokalamba kutali kuposa ya kumanja. Kwathu kuno, ku South Africa ndi ku Britain, kumene chiwongolero chili kumanja, mkono ndi tsaya la kumanja ndi zimene zimapsa.

Chimene chimatchinga UV mu pepala la tinti ndi mankhwala opanda mtundu amene amasakanizidwa m'pepalamo ndi m'guluu wake. Mapepala abwino amatchinga 99 peresenti ya UV ngakhale ali oyera moti munthu sangazindikire kuti pamatidwa kanthu. Chimodzimodzinso kutentha: mapepala a ceramic amabweza infrared yambiri popanda kudetsa galasi kwambiri. Pepala lotchipa lakuda bii, la utoto wokhawokha, limamwa kutentha n'kukutulutsira m'galimoto momwemo, ndipo likapsa ndi dzuwa limasanduka lofiirira n'kuyamba matuza. Mapepala okhala ndi chitsulo amabweza kutentha bwino koma amasokoneza netiweki ya foni ndi GPS. California inatsatira nzeru imeneyi m'lamulo lake: munthu wokhala ndi kalata ya dokotala wa khungu amaloledwa kumata pepala loyera lotchinga UV pa magalasi akutsogolo, malinga ngati galasi ndi pepala pamodzi zikulowetsabe 70 peresenti.

Izi zikutikhudza pafupi. Kalembera wa anthu wa 2018 ku Malawi anapeza anthu achialubino 134,636, ndipo khansa ya pakhungu ndi imene imafupikitsa moyo wa ambiri mwa iwo. Kholo limene lili ndi mwana wachialubino likafunsa womata tinti kuti achite bwanji, nthawi zambiri yankho limakhala lakuti, "Timate yakuda kwambiri, madala." Funso loyenera kufunsa ndi lakuti pepalalo limatchinga UV yochuluka bwanji, ndipo wogulitsayo aonetse pamene fakitale inalemba nambala imeneyo. Pepala loyera lotchinga 99 peresenti limateteza khungu la mwanayo kuposa lakuda losadziwika kumene lachokera, ndipo silikopa maso a apolisi pa rodibuloko. Komabe pepala limagwira ntchito zenera likakhala lotseka basi. M'galimoto yopanda chozizitsira mpweya, mu October, zenera lidzatsitsidwa ndithu, choncho malaya a manja aatali, chipewa chachikulu ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa sizichoka pamalo pake.

Alipo amene galasi lakuda amalifunadi. Matenda a erythropoietic protoporphyria, mtundu umodzi wa porphyria, amayambitsa ululu woopsa pakhungu chifukwa cha kuwala kooneka ndi maso, makamaka kwa mtundu wa buluu wopita ku pepo. Kwa iwowa pepala loyera silikwanira, chifukwa chimene chikuwapweteka chimadutsa. Odwala ena a lupus nawonso amavutika ndi kuwala kooneka. Ndiye pali nkhani ya maso osapirira kuwala, imene imavuta anthu achialubino, odwala mutu waching'alang'ala ndi ena amene anavulala m'mutu. Apa m'pamene ine ndimakayikira ziphaso zambiri. Ngati vuto lili m'maso, magalasi adzuwa ovala kumaso amathetsa vutolo bwino kuposa tinti, chifukwa amachepetsanso kuwala kobwera kudzera pa galasi lakutsogolo, limene ndi lalikulu kuposa onse. Ndipo dzuwa likalowa mumawavula. Tinti simungaivule. Munthu amene maso ake ndi ofooka kale, n'kumuwonjezera zenera la 20 peresenti usiku wamvula, mwamuteteza masana n'kumuika pangozi madzulo, iye pamodzi ndi wakabaza amene akubwera chakumbali. Nzosadabwitsa kuti lamulo la California, pa zotchinga dzuwa zimene limalola odwala kuika pa mazenera akutsogolo, limati zikhale zochotseka ndipo zisagwiritsidwe ntchito kukada.

Ziphasozi zili ndi mavuto enanso. Pa intaneti pali makampani amene amalonjeza kalata ya dokotala munthu akangolankhula ndi wina pa foni kwa mphindi zochepa n'kulipira. Ofuna galimoto yooneka bwino amagula makalata amenewa, ndipo apolisi akazolowera kuwaona amayamba kukayikira aliyense, ngakhale mayi amene lupus yamusautsa zaka zambiri. Chilolezo sichiletsanso wapolisi kukuimitsani. Iye ali panja sangadziwe kuti muli ndi kalata m'galimoto, ndiye wodwala amene anamata tinti mwalamulo amaimitsidwa kawirikawiri kuposa anzake, ndipo nthawi iliyonse amayenera kufotokozera mlendo za matenda ake m'mbali mwa msewu. N'chifukwa chake New York imapereka kasitika komata pa galimoto. Kalata yolembedwa m'chigawo china kapena m'dziko lina siikakamiza wapolisi wa kwina kuilemekeza. Ndiponso galimoto simayendetsedwa ndi munthu mmodzi: mwamuna wa wodwalayo, mwana wake kapena wobwereka amalowa m'mdima womwewo popanda matenda alionse.

Galimoto yotere ikagulitsidwa, tinti imatsala koma chilolezo chimapita ndi mwini wake wakale. Wogula ndiye amene adzayankhe pamsewu. Choncho pogula galimoto yakale, tsitsani zenera la dalaivala ndipo muyang'ane m'mphepete mwake mwa pamwamba. Ngati pali kamzere koyera pamene pepala lalekezera, kapena chikhadabo chikukodwa, ndiye kuti ndi pepala lomatidwa, ndipo likhoza kumatulidwa ndi nthunzi yotentha kapena makina ouluza mpweya wotentha, guluu wotsalayo n'kumutsuka ndi madzi a sopo. Pa galasi lakumbuyo pamafunika dzanja lofatsa, chifukwa timizere tija toumitsa nkhungu tili pamwamba pa galasi chakum'kati, ndipo lezala limatidula mosavuta.